Mapu akale akusunga midzi yomwe idasanduka mabwinja

M'nyumba zambiri muli kasutikesi ka agogo komwe ana saloledwa kukaseweretsa. Mukakatsekula mumapeza kalata ya ubatizo, risiti ya msonkho, chithunzi chimodzi chosuluka ndi envulopu yochokera ku Joni kapena ku Salisbury. Pa envulopupo pali dzina la mudzi, dzina la mfumu yaikulu, kenako mawu awiri: Fort Manning.

Lero palibe kondakitala amene amaitanira anthu opita ku Fort Manning. Komatu malowo alipo, ndi ku Mchinji. Chimodzimodzi Fort Johnston ndi Mangochi, Port Herald ndi Nsanje, Fort Hill ndi Chitipa, Visanza ndi Ntchisi pomwe Kasupe ndi Machinga.

Kupeza boma sikovuta kwenikweni chifukwa mphunzitsi aliyense wopuma pantchito angakuuzeni maina amenewa ali chigonere. Mutu umaima pofuna kupeza mudzi weniweniwo. Apa ndi pomwe pepala lomwe ambiri adalisiya m'kalasi ya jogirafe ku sekondale limakhala ndi ntchito.

Pepalalo ndi mapu aja a mizere yofiirira yokhotakhota, oonetsa mapiri, mitsinje, madambo, tinjira ta miyendo, masukulu, matchalitchi ndi midzi. Aliyense amene adalembapo mayeso a MSCE a jogirafe akuwakumbuka.

Mapuwa adayamba kukonzedwa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itatha. M'chaka cha 1946 boma la Britain lidakhazikitsa nthambi ya Directorate of Colonial Surveys kuti ijambule maiko omwe linkalamulira, kuphatikizapo Nyasaland. Mu 1957 dzina la nthambiyi lidasintha kukhala Directorate of Overseas Surveys, n'chifukwa chake m'mphepete mwa mapu ambiri akale mumaona zilembo zoti DOS. Mu 1984 idalowa pansi pa bungwe la Ordnance Survey.

Ntchito imayenda motere: ndege imauluka m'mizere ikujambula zithunzi za pansi. Kenaka akatswiri oyeza malo, pamodzi ndi Amalawi owanyamulira katundu ndi kuwalondolera njira, amakwera mapiri n'kumanga tizipilala ta simenti pansonga kuti adziwe kutalika ndi kutalikirana kwa malo. Zithunzi ndi manambalawo zimapita ku England komwe mapu amakajambulidwa. Ufulu utabwera, Department of Surveys ya boma la Malawi idapitiriza ntchitoyi ndipo idakonzanso mapu ambiri.

Odziwika kwambiri ndi a muyeso wa 1:50,000. Izi zikutanthauza kuti masentimita awiri papepala ndi kilomita imodzi pansi. Pepala limodzi limatenga dera la makilomita pafupifupi 27 m'litali ndi 27 m'lifupi, lomwe munthu wa njinga angalidutse m'mawa umodzi.

Chinthu choyamba kuwerenga si mapiri kapena mitsinje ayi, koma timalemba ting'onoting'ono tam'munsi mwa pepalalo. Pamenepo amalemba chaka chomwe ndege idajambula zithunzi komanso chaka chomwe mapuwo adasindikizidwa. Zaka ziwirizi zimatha kusiyana kwambiri, ndipo chomwe chikukuuzani za mudzi wa agogo ndi chaka cha zithunzicho.

Nanga mudzi ungasowe bwanji ngati nkhuku?

Kuno kwathu mudzi umadziwika ndi dzina la nyakwawa, ndipo dzinalo limayenda ndi anthu. Anthu akasamuka chifukwa nthaka yaguga, madzi asefukira kapena abale ayambana, dzina limasamuka nawo. Mudzi umodzi umatha kugawika patatu, wina n'kusunga dzina lakale, ina n'kutenga atsopano. Choncho mudzi womwe muupeze lero ndi dzina la pa envulopu ija ungathe kukhala pamtunda wa makilomita ambiri kuchokera pomwe padagwera mchombo wa agogo.

Midzi ina idachita kusamutsidwa ndi boma. Pomanga likulu latsopano ku Lilongwe, lomwe lidayamba kugwira ntchito mu 1975, anthu adachoka m'malo omwe lero timangowatchula ndi manambala. Paki ya Liwonde itakhazikitsidwa mu 1973, komanso ya Nyika itakulitsidwa mu 1978, mabanja adasiya minda ndi manda a makolo awo mkati mwa malire a nyama. M'maboma monga Kasungu, maesiteti a fodya omwe adachuluka m'zaka za m'ma 1970 adamezanso malo omwe kudali midzi.

Mapu ojambulidwa izi zisadachitike amaonetsabe timadontho ta nyumba pomwe lero pali tchire, maofesi kapena zigafa. Kwa mdzukulu wofuna kudziwa komwe kudagona agogo a amayi ake, timadontho timeneti ndi mboni yomwe siiwala ngakhale anthu onse oona ndi maso atapita.

Nkhaniyi imakhudza kwambiri ana a matchona. Amuna ambiri adapita kumigodi ya ku South Africa kudzera ku Wenela mpaka mu 1974 pomwe ndege yonyamula Amalawi idagwa ku Francistown m'dziko la Botswana, boma n'kuimitsa ulendowo. Ena adayenda pansi kupita kumafamu ndi kumigodi ya ku Southern Rhodesia ndipo sadabwerere. Zidzukulu zawo ku Harare, Bulawayo ndi Johannesburg zili ndi mfunda wa Phiri, Banda kapena Mwale, koma chomwe zikudziwa za kwawo ndi dzina la mudzi lolembedwa pa chitupa chakale basi.

Apa pafunika kusamala, chifukwa kalembedwe ka nthawiyo kamasocheretsa. Omwe adalemba kuti Mlanje, Cholo, Ncheu ndi Kota Kota ndi omwewonso adalemba maina a midzi monga momwe makutu awo adamvera. Dzina la papepala muyenera kulitchula mokweza kangapo, pamaso pa munthu wachikulire wa m'deralo, kuti limveke mwini wake.

Palinso msampha wa chikamwini. Pakati pa Achewa, Ayao, Alhomwe ndi Amang'anja mbumba imatsata kuchikazi. Mudzi womwe bambo adalembetsa popita ku Joni ungathe kukhala komwe adakwatira ndi kulipirira msonkho, osati kwawo kobadwira. Wofufuza akangogwira dzina limodzi lokhalo adzafika kwa apongozi a agogo ake n'kumayesa wafika kwa eni mbumba. Funso labwino kwa okalamba ndi lakuti: amayi awo a agogo adali a m'mudzi uti, ndipo ankatunga madzi mumtsinje uti?

Mtsinjewo ndiye chinsinsi. Midzi imasamuka, misewu imakhotetsedwa, koma phiri ndi dambo zimakhala pomwepo. Gogo amene sadziwa kuwerenga angakuuzeni kuti mudzi wakale udali kuseri kwa kaphiri kakuti, pomwe timitsinje tiwiri timakumana, ndipo dzuwa limatulukira kumbali ya manda. Mawu amenewa mukawaika pa mapu, dera lofufuza limachepa kufika poti mungaliyendere tsiku limodzi.

Mukafika pamalopo, bwinja limadziulula lokha. Pamakhala mitengo ya mango ikuluikulu pakati pa tchire, mpanda wa nkhadze womwe sukutchinga kanthu, mapale a miphika kapena mphero yosweka. Chizindikiro chachikulu ndi kamsitu kowirira pakati pa minda yoyera. Ngakhale m'madera momwe nkhwangwa idamaliza chilichonse, mitengo ya kumanda anthu amaiopabe.

Koma mapu sakupatsani chilolezo. Kumanda salowako popanda mfumu, ndipo m'madera a Achewa msitu womwewo ungathe kukhala dambwe. Mlendo wotulukira ndi pepala lalikulu m'manja, n'kumaloza uku ndi uku m'minda ya eni ake, amaoneka ngati wabwera kudzalanda malo. Njira yake ndi yomweija: kuyamba mwafika kwa nyakwawa, kukhala pansi, kufotokoza mfunda wanu ndi chomwe mwadzera. Safunsa adadya phula.

Ndipo amene akuganiza zoti mapu akale amupambanitsa mlandu wa malire a munda ayambe waganiza kawiri. Pa muyeso wa 1:50,000, kamzere ka pensulo konenepa milimita imodzi kamaphimba mamita 50 pansi, kutanthauza kuti dimba lonse lingabisale pansi pa kamzereko. Mapu angasonyeze kuti mudzi udalipo m'chaka chakuti, koma sanganene kuti mzere wa chinangwa uwu ndi wa yani.

Gulu lina lomwe silidatayepo mapuwa ndi la okwera mapiri. Pa phiri la Mulanje, lomwe nsonga yake ya Sapitwa ndi yotalika mamita 3,002, foni imatha kuzima kapena kusowa netiweki, koma pepala silifuna kutchaja.

Mizere yofiirira ija siyovuta monga momwe ana asukulu amaionera. Mlimi aliyense amene adapangapo akalozera m'munda wotsetsereka akuidziwa kale: mzere uliwonse umadutsa m'malo ofanana kukwera kwake. Mizere ikatalikirana, malowo ndi athyathyathya. Ikathinana, konzekerani kupuma wefuwefu. Ikagundana n'kukhala ngati mzere umodzi, pamenepo pali phompho. Dziwaninso kuti mapu akale kwambiri amawerenga kutalika m'mafiti, choncho Sapitwa amaoneka ndi nambala yoposa 9,800.

Ndi mapu m'manja, ulendo wa m'phiri umasanduka phunziro la mbiri. Njira yotsika kuchokera kunyumba ya alendo ya Sombani imakafika pampata wa Fort Lister, pakati pa Mulanje ndi Michesi, pomwe atsamunda adamanga linga mu 1893 pofuna kutseka njira yomwe amalonda a akapolo ankadzera popita kunyanja ya mchere. Mabwinja a lingalo alipobe. Mu 2025 bungwe la UNESCO lidaika phiri la Mulanje pa mndandanda wa malo ofunika padziko lonse kaamba ka chikhalidwe ndi zikhulupiriro za anthu olizungulira, zinthu zomwe mapu a atsamunda sadalembe n'komwe.

Komabe mapu a zaka 50 zapitazo amanena zoona za miyala, osati za njira. Tinjira tina tidatsekeka, timilatho tina tidapita ndi madzi. Malo omwe pepala likuti pali nkhalango ya mikungudza, lero pali zitsa. Manambala a malo omwe foni imapereka amathanso kusiyana ndi a mapu akale ndi mamita mazana angapo chifukwa kayezedwe kake n'kosiyana, ndipo m'chifunga cha chiperoni mamita amenewo ndi okwanira kumufikitsa munthu kuphompho.

Mu 2003 mlendo wina wa ku Netherlands adasowa atapita yekha ku Sapitwa, ndipo mu 2009 mnyamata wa ku Brazil adapezeka atafa m'phirimo atasiya womuperekeza. Anyamata operekeza alendo a pa Likhubula amadziwa mtsinje womwe umadzaza msanga mvula ikagwa kumtunda, zomwe palibe pepala lingakuuzeni.

Pali china chomwe mapuwa amaulula mosanyengerera. Tengani pepala lakale la Blantyre muone mtundu wobiriwira pa mapiri a Ndirande ndi Soche, kenaka mukweze maso. Muonenso mizere yothinana ndi timitsinje totsika m'phiri la Soche kulowera ku Chilobwe. Umo ndi momwe matope ndi miyala zidadzera mu Malichi 2023 pa nthawi ya namondwe wa Freddy, yemwe adapha anthu oposa 1,000 m'dziko muno. Ku Phalombe napolo wa mu 1991 adatsikanso m'makwawa a phiri la Michesi omwe amaoneka bwinobwino pa mapu. Munthu wogula puloti m'tsinde mwa phiri angapindule kuyang'ana pepalali asadapereke ndalama.

Ku chigwa cha Shire ndiko mapu akale amakalamba msanga. Madzi adadula njanji pakati pa Bangula ndi Chiromo mu 1997, ndipo mu 2015 mtsinje wa Ruo udasintha njira cha ku Makhanga. Nyanja ya Chilwa nayo, yomwe idaumapo mu 1968 ndi 1995, siikhala pomwe mzere wa papepala udaiika.

Ofuna mapuwa angayambire ku Department of Surveys, yomwe ili pansi pa unduna wa za malo. Ku Zomba kuli National Archives komwe amasunga zikalata za nthawi ya atsamunda, ndipo ku Blantyre bungwe la Society of Malawi lili ndi laibulale m'nyumba yakale ya Mandala. Koma nthawi zina pepala lomwe mukufuna lili pafupi, lopindidwa pamwamba pa kabati ya mphunzitsi wa jogirafe pasukulu ya sekondale ya kwanu komweko, kapena lokhomedwa pakhoma la ofesi ya zankhalango paboma.

Mukalipeza, lijambuleni ndi foni mbali ndi mbali, osaiwala timalemba tam'munsi tija. Kenaka pitani nalo kumudzi, muliyale pamphasa, mumuwerengere gogo maina a mitsinje limodzilimodzi. Pomwe akudukizeni n'kukonza katchulidwe kanu, lembani pamenepo ndi pensulo.