Nzimbe mu thanki ya galimoto: phindu lilipo, koma munda ndi madzi zikulipira

Woyendetsa minibasi akamathira petulo ku Limbe kapena ku Mzuzu, nthawi zambiri sadziwa kuti gawo lina la mafutawo linamera m'munda. Kuyambira mu 1982, pamene fakitale ya Ethanol Company inatsegulidwa ku Dwangwa m'boma la Nkhotakota, dziko lino lakhala likusakaniza petulo ndi ethanol. Mu 2004 fakitale ya PressCane inayambanso ntchito yomweyi ku Chikwawa.

Kapangidwe kake sikachilendo kwa aliyense amene anaonapo kachasu akutchezedwa. Shuga akachotsedwa mu nzimbe pamatsala madzi akuda a nanda otchedwa molasesi. Amenewa amawasasitsa ndi yisiti, kenako n'kuwatcheza mpaka patsale mowa waukali woti injini n'kuyaka nawo.

Ubwino wake ndi woonekeratu. Lita iliyonse yopangidwa kuno imapulumutsa ndalama zakunja zomwe zikanagulira petulo wodzera ku Beira kapena ku Dar es Salaam. Komanso mpweya wa kaboni umene galimoto imatulutsa poyaka ethanol ndi womwewo umene nzimbe inakoka mumlengalenga pamene inkakula, pomwe wa petulo umachita kufukulidwa pansi pa nthaka pamene unagona zaka mamiliyoni.

Koma walira mvula walira matope. Nzimbe ndi mbewu yaludzu kwambiri, ndipo ku chigwa cha Shire, kumene dzuwa limaswa mtengo, siingakule popanda mthirira. Madzi amene imamwa ndi omwewo amene asodzi, ziweto ndi alimi a m'madimba amadalira. Isanadulidwe, minda yambiri imayamba yatenthedwa kuti masamba apse, ndipo utsi ndi phulusa lake zimavutitsa anthu a chifuwa cha mphumu. Kufakitale nako, lita imodzi ya ethanol imasiya malita oposa khumi a madzi otsalira otchedwa vinasse. Akathiridwa m'munda mwa muyezo, amakhala ngati manyowa chifukwa ali ndi potaziyamu wambiri. Akatayikira mumtsinje, amamaliza mpweya wa m'madzi ndipo nsomba zimafa.

Mayiko ena anaona zoposa apa. Ku United States, chimanga choposa gawo limodzi mwa magawo atatu a zokolola chimapita kopanga ethanol, zomwe kwa Mmalawi wodya nsima n'zovuta kumvetsa. Ku Indonesia, nkhalango ndi madambo zinagwetsedwa ndi kuumitsidwa kuti pabzalidwe migwalangwa ya mafuta, ndipo moto wa mu 2015 unaphimba ndi utsi mayiko oyandikana nawo kwa milungu yambiri. Kaboni wotuluka nkhalango ikapsa amatenga zaka makumimakumi kuti mafuta a m'mundamo amubweze. N'chifukwa chake European Union inaganiza zosiya pang'onopang'ono, pofika 2030, kuwerengera dizilo wa migwalangwa ngati mafuta osamala chilengedwe.

Apa ndi pamene Malawi ali ndi mwayi. Ethanol wathu amachokera ku zotsalira za shuga, osati ku chakudya cha munthu, ndipo nzimbeyo ikanalimidwa ndithu ngakhale pakanapanda fakitale ya mafuta. Vuto n'lakuti molasesi ndi wochepa, ndipo kufuna ethanol wambiri kumatanthauza kutsegula minda yatsopano ya nzimbe. Alimi amene anabzala jatropha zaka zapitazo atalonjezedwa msika wa dizilo, mbewuyo n'kubereka mochepa kuposa momwe ankayembekezera, akudziwa kuti munda ukaperekedwa ku mafuta subwerera msanga ku chimanga.

Choncho polojekiti yatsopano ikabwera m'dera, mfumu ndi anthu ake ayenera kufunsa zinthu zitatu asanasaine: pamalopo pakumera chiyani lero, madzi a mthirira achokera mumtsinje uti, ndipo vinasse azikatayidwa kuti. Mayankho a mafunso amenewa ndiwo amasonyeza ngati mafutawo akuthandiza chilengedwe kapena angosamutsa vuto kuchoka mumlengalenga kupita m'munda ndi mumtsinje.