Sewero la ku America Lomwe Amai a kwa Madzimoyo Angalimve Bwino

Wolemba Mtolankhani Wathu

Kwathu kuno kwa Madzimoyo ndi m'midzi yozungulira Chipata, mtsikana polowa m'banja amalangizidwa kuti banja ndi kupirira, ndi kuti za m'nyumba sazitulutsira pabwalo. Mwambo wotere udasunga mabanja ambiri, koma udakwiriranso misozi ya amai ambiri. Nkhani imene tikuuzani lero inacitika kutali-tali, koma mukaimva mudzayesa ya m'mudzi mwanu.

Mu December 1900, m'cigawo ca Iowa ku America, mlimi wina dzina lace John Hossack anatemedwa ndi nkhwangwa ali m'tulo. Mkazi wace Margaret, amene anakhala naye m'banja zaka zoposa 30, ndiye anagwidwa. M'khoti munamveka kuti bamboyu anali waukali panyumba, ndi kuti anansi anali kudziwa, koma ankalangiza banjalo kuti lisunge cinsinsi. Mu 1901 maiyu anaweruzidwa kukhala m'ndende moyo wace wonse, ndipo oweruza onse anali amuna, popeza masiku amenewo akazi sanali kuloledwa pa mpando umenewo. Khoti lalikulu linafafaniza ciweruzoco mu 1902, ndipo pozenganso mlandu mu 1903 oweruza sanamvane, motero mai uja anamasulidwa.

Mtolankhani wacitsikana, Susan Glaspell, ndiye analemba za mlanduwu m'nyuzipepala ya ku Des Moines. Nkhaniyi siinamucoke mumtima, kotero kuti mu 1916 analemba sewero lochedwa Trifles, ndiko kunena tinthu tacabe-cabe.

M'seweromo mlimi wapezeka atapotoledwa ndi cingwe, ndipo mkazi wace ali m'manja mwa apolisi. Amuna akufufuza m'cipinda ndi m'khola, nanyoza za kukhicini kuti n'zopanda pace. Koma amai awiri amene anatsagana nawo aona zimene amunawo sanaone: nsaru yosokedwa bwino koma kumapeto kwace msoko uli wokhota-khota, khola la mbalame lothyoka citseko, ndiponso kambalame koimba kali kakufa, khosi lace litapotoledwa. Pomwepo azindikira kuti mwamuna ndiye anapha kambalameko, kamene kanali citonthozo cokha ca mkaziyo. Amai aja abisa kambalame, amuna osadziwa kanthu. Mkazi woimbidwa mlandu saoneka konse m'sewero lonse. Amam'lankhulira ndi anzace. Mmodzi wa iwo adziimba mlandu yekha kuti anali mnansi, koma sanapite kukam'ceza.

Sewero limeneli silikuti kupha n'kwabwino, iai. Likufunsa kuti: nanga anansi anali kuti mwazi usanakhetsedwe? Funso lomweli liyenera anankungwi, ankhoswe ndi a m'cigwirizano ca amai m'machalichi athu. Amai amadziwana zambiri ku citsime, ku mtondo ndi ku cigayo. Amaona mnzao atatupa diso nanena kuti anagunda citseko.

Lero m'Zambia muno mai wozunzidwa ali nako kothawira. Apolisi ali ndi ofesi ya Victim Support Unit, imene inakhazikitsidwa mu 1994, ndipo mu 2011 Boma linaika lamulo loletsa nkhanza za pakati pa amuna ndi akazi. Mwa lamuloli khoti likhoza kuletsa munthu wankhanza kuyandikira amene akum'zunza. Mfumu Madzimawe ya Angoni nayonso yakhala ikudzudzula poyera maukwati a ana ang'ono ndi nkhanza za m'mabanja.

M'zaka za m'ma 1970 ophunzira a pa Yunivesite ya Zambia, a bungwe la Chikwakwa, ankayenda m'zigawo kucita masewero m'zinenero zathu. Acinyamata a m'masukulu ndi m'machalichi akhoza kutsata phazi lao. Sewero ngati ili silifuna zambiri: mphasa, mbiya, mpando ndi anthu asanu basi.

Tsono inu amai ndi abambo, mukamva kulira kuseri kwa mpanda, musati n'za eni ace. Akulu anati caona mnzako capita, mawa cili kwa iwe.