Kodi makolo athu sankadwala khansa?

Pa siwa, usiku ukakula makwaya atapuma, nkhani imakonda kutembenukira ku matenda amene atenga malemu. Ikakhala khansa, pamapezeka wina wonena kuti, "Awa ndi matenda a lero. Agogo athu ankadya mgaiwa ndi therere, khansa sankaidziwa." Ena amavomera, n'kuyamba kutchula feteleza, mafuta ophikira ndi nkhuku zoyera zija zokula msanga. Sindikonda kutsutsa munthu pamaliro, komanso wonenayo sakunama kotheratu. Khansa tikuimvadi kwambiri kuposa kale.

Kungoti matendawa si achilendo. Kuphanga la Swartkrans, ku South Africa, kunapezeka kafupa ka phazi ka zaka pafupifupi 1.7 miliyoni, ndipo mu 2016 akatswiri adalengeza kuti chotupa chimene chili pa kafupako ndi khansa ya m'mafupa. Mwini phazilo sankadziwa feteleza. Chasintha kwambiri ndi ife. Cha m'ma 2000, mwana wobadwa m'Malawi ankayembekezeka kukhala ndi moyo zaka pafupifupi 45, pamene lero zapitirira 60. Anthu ochuluka akufika msinkhu umene khansa imakonda. Ndiponso kale munthu akaonda mpaka kutsirizika, panalibe womuyeza. Ankangoti anadwala kaliwondewonde, kapena kuti anamuponyera.

Nanga ukalamba ukugwirizana bwanji ndi khansa? Mu 1954, Peter Armitage ndi Richard Doll, a ku Britain, adaunika ziwerengero za anthu omwalira ndi khansa n'kuona kuti chiopsezo sichikwera pang'onopang'ono ngati msewu wa chitunda. Chimakhala pansi zaka zambiri, kenako chimakwera mofulumira munthu akamakalamba. Iwo adati zikuoneka kuti selo limayenera kuwonongeka kangapo, mwina ka 6 kapena ka 7, motsatizana, lisanasanduke la khansa.

Amene adaphunzira pasukulu yosowa mabuku amvetsa msanga. Mmodzi amakopera notsi pa bolodi, wachiwiri amakopera kwa iye, wachitatu kwa wachiwiriyo, ndipo teremu ikamatha mawu ena amakhala atasokonekera. Maselo a m'thupi mwathu amachita zomwezo. Selo likamagawikana limakopera malangizo ake onse, otchedwa DNA, ndipo apa ndi apo limaphonya chilembo. Utsi, dzuwa ndi mowa zimawonjezera zolakwika zina. Zambiri sizivulaza. Koma zolakwika zingapo zikagwera pa malangizo oletsa selo kuchulukana mwachisawawa, ndipo zonse zikakumana m'selo limodzi, chotupa chimayamba. Kukumana kotereku kumafuna zaka.

Ofufuza a ku Wellcome Sanger Institute, pafupi ndi Cambridge, afika powerenga zolakwikazi chimodzichimodzi. Mu 2022 adayerekeza maselo a m'matumbo a nyama zoyamwitsa za mitundu 16. Selo la mbewa limasonkhanitsa zolakwika pafupifupi 800 pachaka, la munthu zosafika 50. Mbewa imakalamba m'zaka zochepa chabe, munthu m'zaka 80, koma pofika kumapeto kwa moyo chiwerengero cha zolakwika m'selo sichisiyana kwenikweni.

Kafukufuku amene adandidabwitsa kwambiri ndi wa mu 2018, wa gulu la Iñigo Martincorena pamalo omwewo. Adayeza khungu la m'kati mwa mmero la anthu 9 a zaka 20 mpaka 75, onse opanda khansa ya kummero. Mwa achikulirewo, gawo loposa theka la khungulo linali litadzaza maselo okhala ndi zolakwika za mtundu umene umapezekanso m'khansa. Anthuwo ankameza bwinobwino. Choncho tonse amene tayamba imvi tanyamula maselo otere, ndipo ambiri mwa ife tidzafa ndi zina. Banja likamasakasaka amene walodza agogo, ndimakumbukira zimenezi. Chisoni chimafuna wolakwa woti chimuloze chala, n'zomveka. Koma chotupacho chaphuka m'maselo a mwini wake, ndipo ulendo wake udayamba zaka zambiri mkangano wa malire a munda usanabuke.

Thupi lili ndi alonda ake. Mmodzi ndi jini yotchedwa TP53, imene imaimitsa kapena kupha selo lowonongeka. Richard Peto adafunsa mu 1977 chifukwa chake nyama zikuluzikulu, zokhala ndi maselo ochuluka zedi, sizitha ndi khansa. Mbali ya yankho idabwera mu 2015: munthu ali ndi makope awiri a TP53, lina la kwa mayi lina la kwa bambo, pamene njovu ya ku Africa kuno ili nawo pafupifupi 40. Mukadzaiona ku Liwonde ikuthyola nthambi, dziwani kuti njovu zofa ndi khansa sizifika 5 pa 100 zilizonse.

Apa wina angati ndiye kuti khansa ndi ya okalamba okha. Kwathu kuno ayi. Ana amadwala khansa yotupitsa nsagwada, imene Denis Burkitt adaifotokoza ku Uganda mu 1958, ndipo imayenderana ndi malungo komanso kachilombo ka Epstein-Barr. Khansa ya Kaposi idachuluka ndi HIV. Khansa ya khomo la chiberekero, imene Malawi ali m'gulu la mayiko okhudzidwa kwambiri padziko lonse, imagwira amayi a zaka za m'ma 30 ndi 40, akulerabe ana. Tizilombo timadulitsa njira yaitali ija. Mwachitsanzo, HPV, kachilombo koyambitsa khansa ya khomo la chiberekero, imapanga puloteni yofooketsa mlonda yemwe uja wa TP53. N'chifukwa chake katemera wa HPV, amene adayamba kuperekedwa m'dziko lonse mu 2019, amabayidwa kwa atsikana aang'ono asanakumane ndi kachilomboko.

Chikhulupiriro china chimamveka ngati nzeru za akulu: "Ndasuta chingambwe zaka 40, ndisiye lero kuti zitani?" Doll yemwe uja adayankha funsoli ndi moyo wake wonse. Kuyambira mu 1951 adatsata madokotala aamuna oposa 34,000 a ku Britain, ndipo zotsatira za zaka 50 zidatuluka mu 2004. Osuta ankafa zaka pafupifupi 10 msanga kuposa osasuta. Wosiya ali ndi zaka 30 ankabweza pafupifupi zonsezo, wosiya ali ndi 50 ankabweza 6, ndipo ngakhale wosiya ali ndi 60 ankabweza 3. Ngati selo latsala ndi zolakwika ziwiri kuti lisanduke la khansa, kuchedwetsa ziwirizo n'kwaphindu. Doll mwini adasiya fodya kafukufuku wake woyamba ali m'kati, ndipo adamwalira mu 2005 ali ndi zaka 92.

Koma mawu amene ndimawaopa kwambiri ndi ofatsa, onenedwa mwachikondi: "Ndi ukalamba basi." Agogo akayamba kusiya nsima n'kumapempha phala, akamaonda osadwala malungo, akaona magazi m'chimbudzi, kapena agogo aakazi akayambanso kutaya magazi atasiya kale kusamba, timati thupi latopa. Ukalamba sutsekereza nsima pakhosi. Khansa ya kummero ndi imodzi mwa zofala kwambiri m'Malawi, ndipo imayamba motero: nyama imakanika kutsika, kenako nsima, kenako phala. Kuchipatala chachikulu amalowetsa kachubu ka kamera kummero n'kutapa kanyama kokayeza ku labotale. Odwala ambiri amafikako madzi omwe atayamba kubwerera, ndipo pamenepo chimene madokotala amatha kuchita ndi kuika kapaipi kotsegula njira kuti munthu azimezako phala.