Mlonda wa m'Kompyuta ndi Mapulogalamu Achilendo

Aphunzitsi ndi makalaliki a ku Dowa ndi ku Ntchisi amadandaula kawirikawiri kuti akafuna kulonga pulogalamu yatsopano m'kompyuta, makinawo amakana, nanena kuti amene anaipanga sakudziwika. Kodi n'koyenera kuumiriza makinawo kuti alole?

Mlonda wokanizayu anakhazikika m'chaka cha 2012, pamene kampani ya Apple inaika Gatekeeper m'makompyuta ake, nayonso Microsoft niika SmartScreen mu Windows 8. Ntchito yake ndi kuyang'ana ngati pulogalamu ili ndi chidindo cha mwini wake wodziwika. Tsono akaikaniza, sindiko kunena kuti ndi yoipa ayi, koma kuti palibe woichitira umboni.

Umboniwo ngwogula. A Apple amalipiritsa madola 99 pachaka kwa wofuna chidindo chawo. Taganizani za achinyamata a ku Dzaleka, malo a anthu othawa kwawo amene anatsegulidwa m'boma la Dowa mu 1994, kumene sukulu ya TakenoLAB yaphunzitsa ambiri luso lopanga mapulogalamu. Ndalama zotere n'zovuta kwa iwo, chotero ntchito yawo, ingakhale yabwino chotani, ikhoza kukanizidwa pamodzi ndi ya mbala. Pajatu akuluakulu anati mlendo ndi amene amadza ndi kalumo kakuthwa.

Komabe kalumo kakuthwa kamachekanso. Pulogalamu yokopedwa mwachinyengo, yoyenda pa fulashi kuchokera ku Mponela mpaka ku Malomo, ikhoza kubisa kachilombo kofufuta malikisi a ana a sukulu kapena kotseka kaundula wa malipiro. Tisaiwale kuti kumayambiriro a 2024 ntchito yosindikiza ziphaso zoyendera inaima kwa milungu ingapo, ndipo Boma linauza Nyumba ya Malamulo kuti akuba a pa intaneti analowa m'makina ake.

Njira yololeza ilipo. Pa Windows munthu amasankha More info, kenaka Run anyway. Pa Mac, kuyambira 2024, ayenera kupita ku System Settings, pa Privacy & Security, nasankha Open Anyway. Njira zimenezi zimatsegulira pulogalamu imodzi yokha, mlonda nakhalabe pakhomo.

Chotero pa kompyuta yanuyanu, lolani pulogalamu yokhayo imene mwaitenga kwa mwini wake weniweni, ndipo mlondayo musamuchotse konse. Koma kompyuta ya sukulu kapena ya ofesi ndi chuma cha Boma, ndipo zosungidwamo ndi za anthu ambiri. Pamenepo yambani mwafunsa woyang'anira makompyuta wa ku khonsolo musanatsegule khomo.