Kompyuta ikakomoka cifukwa ca drive, musathamangile kufomata

Mu basi yocoka pa Kulima Tower simulephela kuona mnyamata ali na laputopu pamiyendo, drive ikulendewela pa nthambo. Basi yagunda hampu, nthambo yagwedela, sikilini yasanduka buluu. Ngati anali kukopa zithunzi za ukwati wa kasitomala, ndalama ija yayamba kale kuthawa.

Cimene cakomoka apo ni kernel, mtima wa Windows, Mac kapena Linux. Ine nimaiona monga kondakita: idziwa amene wakwela na amene akali kuyembekeza cenji. Mukakopa fayilo, zina zimayamba zakhala mu RAM, zikalibe kulembedwa pa drive. Manje drive ikazuka mwadzidzidzi, kernel ifunafuna cinthu cimene kulibe. Nthawi zambili imangodandaula n'kupitiliza. Koma ngati kapulogalamu koyendetsa USB kali na vuto, kapena makina anali kudalila drive imeneyo, kernel imaimitsa zonse dala kuti isawononge zambili. Pa Linux na Mac amati kernel panic. Ndipo kernel ya Linux, imene Linus Torvalds anayamba mu 1991, ndiyo ili mu foni ya Android imene mwagwila apo.

Cimene cimanibaba ni cakuti okonza ena m'tauni amangoti tifomate, osafunsa n'komwe cimene cinacitika. Kufomata kumafufuta umboni, pamene kompyuta inalemba kale za ngoziyo. Jambulani na foni mau amene aoneka pa sikilini ya buluu. Akakhala KERNEL_DATA_INPAGE_ERROR, ndiye kuti makina analephela kuwelenga kucokela pa disiki. Windows imasunga tumafayilo twa ngozi mu C:\Windows\Minidump, ndipo Event Viewer ionetsa ola yeniyeni. Pa Linux, lamulo la journalctl -k -b -1 lionetsa zimene kernel inakamba isanagwe, ngati makinawo amasunga zolemba zakale. Mukaona mzele wa USB disconnect pafupi na mapeto, mwapeza poyambila.

Kenaka sinthani cinthu cimodzicimodzi: nthambo, pobaila, ndiye kompyuta ina. Magetsi nawonso muwaganizile. USB 2.0 ipatsa 500 mA cabe, USB 3.0 ipatsa 900 mA, ndipo drive ya mbale yozungulila imafuna mphamvu zambili poyamba kuzungulila. Ikapelewela, imadzizima yokha ngakhale simunaigwile.

Pomaliza kukopa, dinani Eject, muyembekeze uthenga wakuti mungazule. Za mu basi zija, dikilani mukatsike.