ZENGEREZU ANALINDA KWAUKWAU: LEMBANI NCHITO ZA MAWA USIKU UNO

Caka ndi caka mvula yoyamba ikagwa mu Novembala, m'midzi yambiri ya m'Cigawo ca Kum'mawa mumapezeka mabanja amene minda yao ikali yosakonza. Mbeu sinagulidwe, khasu lilibe mpini, ndipo goli la ng'ombe limene linathyoka m'cilimwe likali gone kuseri kwa nkhokwe. Ambiri mwa anthu otere si aulesi ai. Cimene cimawapweteka ndico kunena kuti "tidzacita mawa".

Koma cimanga sicilindira munthu. Mlimi amene abzala kumapeto kwa Disembala kawirikawiri amakolola zocepa poyerekeza ndi mnzace wobzala ndi mvula yoyamba yokwanira. Udzu ukasiyidwa m'masabata asanu ndi limodzi oyamba umalanda cakudya ca mbeu. Ndiponso kuyambira mu 2016, pamene mbozi zochedwa fall armyworm zinafika mu Zambia, munda wosayenderedwa sabata yathunthu ungathe kuonongeka mwini wace asakudziwa.

Mankhwala a kuzengereza safuna ndalama. Afuna cabe pensulo ndi tsamba la kope lakale la mwana wa sukulu. Madzulo mukatha kudya nsima, khalani pamodzi monga banja ndi kulemba nchito za mawa. Zisapitirire zisanu, pakuti mndandanda wautali umafooketsa mtima. Nchito yolemetsa, imene mwakhala mukuithawa, ikhale pamwamba, kuti icitike m'mamawa dzuwa lisanatenthe.

Cinsinsi cagona pa kalembedwe. Kulemba kuti "kupalira" sikokwanira. Lembani kuti: "Kukaca, atate ndi mwana wamkulu apalire mizere makumi awiri ya kumunsi kwa culu." Katswiri wina wa za maganizo a anthu wa ku Germany, Peter Gollwitzer, anafotokoza mu 1999 kuti munthu amene watsimikiziratu nthawi ndi malo ocitira cinthu amacicitadi kawirikawiri kuposa uja wangoti ndidzacita. Cifukwa cace n'cakuti nthawiyo ikakwana, palibenso zokambirana ndi mtima.

Nchito ikatha, idulireni mzere. Imene yatsala ikhale yoyamba pa tsamba la mawa. Ngati nchito imodzi yabwerera masiku atatu, ndiye kuti ndi yaikulu kwambiri, igaweni tizigawo. "Kumanga nkhokwe" kusanduke "kudula nsungwi" lero, "kukumba maenje a mizati" mawa.

Pa nyumba pamene akulu sadziwa kulemba, mwana wa sukulu agwire pensulo. Nazonso nchito za amai, monga tsiku la sikelo ya mwana ku cipatala, zilowe pa tsamba lomwelo, kuti zisagundane ndi za kumunda.

Makolo anati zengerezu analinda kwaukwau. Amene afuna nkhokwe yodzaza mu Juni ayambe ndi tsamba la usiku uno.