Kukhuta Nsima Sikokwanila: Nchito ya Ndiwo m'Thupi

Ambili a ife timati tadya ngati takhuta nsima. Koma mwana angakhute tsiku lililonse, thupi lake n'kumasowabe zomangila. Kafukufuku wa zaumoyo wa mu 2018 anapeza kuti mu Zambia ana 35 pa 100 alionse osakwana zaka zisanu ndi opinimbila. Cimodzi mwa zifukwa zake ndi cakudya cosakwanila.

Zakudya zomanga thupi zili ndi mapuloteni. Tikadya, mapuloteniwo amagayidwa kukhala tizidutswa tochedwa ma amino asidi, ndipo thupi limamangila minofu, magazi, khungu ndi citetezo ca ku matenda. Mitundu yake ilipo 20. Thupi limadzipangila lokha mitundu 11, koma 9 yotsalayo imacokela m'cakudya basi. Umodzi ukacepa, kumanga kumacedwa ngakhale ina yonse ilipo yambili, monga mmisili amene ali ndi njelwa koma simenti yamuthela.

Cimanga cili ndi mapuloteni, koma mwa mitundu 9 ija, iwili ndi yocepa kwambili: lysine ndi tryptophan. Lysine ndi wofunika kuti mwana akule. Tryptophan amathandiza thupi kupanga vitamini wochedwa niacin, amene akasowa munthu amadwala pellagra: khungu limada ndi kukakala m'malo owombedwa ndi dzuwa, ndiponso amatsegula m'mimba. Cinangwa ndiye cili ndi mapuloteni ocepelatu.

Apa ndi pamene ndiwo zimagwila nchito. Nyemba, nyemba za soya ndi khobwe zili ndi lysine wambili, koma methionine ndi wocepa, ndipo ameneyo cimanga cili naye. Mutu umodzi susenza denga: nsima ndi nyemba zimakwanilitsana. Mazila, mkaka, kapenta, nyama, inswa ndi vinkubala zili ndi mitundu yonse 9 pamlingo wabwino. Sikuti zonse zikhale m'mbale imodzi. Cofunika n'cakuti zidyedwe tsiku lomwelo, popeza thupi silisunga ma amino asidi monga limasungila mafuta.

Conco pokolola, tisagulitse nyemba ndi soya zonse. Tisiyeko za pakhomo. M'phala la mwana wopitilila miyezi isanu ndi umodzi tiziikamo nsinjilo, dzila kapena kapenta wosinja, uku akuyamwabe. Ndipo pogawa ndiwo, ana ndi amayi oyembekezela kapena oyamwitsa asamangolandila msuzi wokha. Iwo ndiwo akumanga thupi kuposa ife tonse.